Elektra: mkazi wa ganyu yopha amene Marvel inakana kumusiya m'manda

Mu kope nambala 181 la komiki ya Daredevil, lomwe linatuluka kumayambiriro kwa 1982, muli tsamba limene okonda nthano za zithunzi amalikambabe mpaka lero. Chigawenga chotchedwa Bullseye chanyamula m'mwamba mkazi wa zovala zofiira, chitamubaya ndi chida cha mkaziyo mwiniwake. Nsonga ya chidacho yatulukira kumsana n'kutukula nsalu, koma osaiboola. Mkaziyo ndi Elektra Natchios. Akukwawa m'misewu ya New York, magazi ali chuchuchu, mpaka kukafika pakhomo pa Matt Murdock, yemwe ndi Daredevil mwiniyo, mwamuna amene anakondana naye ali pasukulu, n'kufera m'manja mwake. Apa n'kuti patangotha chaka chimodzi ndi miyezi itatu chionekereni koyamba m'mabuku a kampani ya makomiki ya Marvel.

Patapita zaka zoposa 40, Elektra akadalipo. Wakhala ndi makomiki a dzina lake kangapo, waoneka m'mafilimu, anaphedwanso kachiwiri n'kuukitsidwa, ndipo mu 2020 anayamba kuvala chigoba cha Daredevil. Koma palibe komiki ya dzina lake imene inakhalitsa. Ine ndimaona kuti gwero lake ndi limodzi. Elektra anapangidwira nthano yokhala ndi mathero, koma anagwera m'bizinesi imene mathero siiwafuna. Mlembi aliyense wobwera pambuyo amapunthwa pa funso lomwelo: owerenga angatsatire bwanji, mwezi ndi mwezi, munthu wopha anzake pofuna ndalama, ngati sumusambitsa m'manja mwachinyengo?

Kuti izi zimveke, tione kaye momwe makomiki a ku America amayendera. Komiki ndi kabuku kopyapyala, ka masamba pafupifupi 20 a nthano, kofotokoza nkhani ndi zithunzi zoikidwa m'timabokosi, zolankhula za anthu zili m'timabaluni. Kamatuluka mwezi uliwonse, kope lililonse ndi nambala yake. Makampani akuluakulu ndi awiri, Marvel ndi DC, ndipo ngwazi zonse za kampani imodzi zimakhala m'dziko limodzi, moti Spider-Man atha kukumana ndi Daredevil padenga la nyumba. Chofunika kwambiri pa nkhani yathu n'chakuti ngwazizo ndi katundu wa kampani. Mlembi ndi wojambula amalipidwa pa ntchito imene agwira, koma chilichonse chimene apanga chimatsalira kampani. Ali ngati tenanti wa pa esiteti ya fodya: thukuta ndi luso n'zake, koma munda ngwa mwini, ndipo iye akachoka mwini amangoikapo wina. N'chifukwa chake ngwazi imene ikubweretsa ndalama siloledwa kufa mpaka kalekale.

Daredevil anamupanga Stan Lee ndi Bill Everett mu 1964. Masana ndi Matt Murdock, loya wosaona. Usiku amavala zofiira n'kumasaka zigawenga m'dera la Hell's Kitchen, mothandizidwa ndi makutu, mphuno ndi khungu zomva kuposa za munthu wamba. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 komikiyi malonda ake anali atalowa pansi, ndipo inkatuluka kamodzi pa miyezi iwiri. Frank Miller anayamba kuijambula mu 1979 ali ndi zaka 22, mnzake Klaus Janson akupitamo ndi inki. Kenaka mkonzi Denny O'Neil anamupatsanso ntchito yolemba. Kope loyamba limene Miller analemba yekha ndi nambala 168, la Januwale 1981, ndipo m'menemo ndi momwe Elektra anatulukira. Pachikuto analakwitsa ngakhale kalembedwe ka dzina lake, n'kulemba "Elecktra". Miller ankaganiza kuti mkaziyu aoneka kamodzi kokhako basi. Sipanathe nthawi, malonda anakwera ndipo komikiyo inayamba kutuluka mwezi ndi mwezi.

Nkhani ya m'kope limenelo ndi iyi. Daredevil akusaka munthu wina, ndipo mkazi wosaka anthu othawa pofuna mphoto akumumenya chakumbuyo. Asanakomoke wamva mawu a mkaziyo, ndipo wawazindikira. Zaka zapitazo pa yunivesite ya Columbia, Matt anakondana ndi mwana wa kazembe wa dziko la Greece, Hugo Natchios. Tsiku lina zigawenga zinagwira Elektra ndi bambo ake ngati chikole. Matt anadziphimba kumaso ndi mpango n'kulowa kukawapulumutsa, koma pachipwirikiticho chigawenga chimodzi chinagwa pawindo, apolisi amene anali panja anachita mantha n'kuyamba kuwombera, ndipo chipolopolo chinapeza kazembeyo. Elektra anasiya sukulu, anasiya Matt, anachoka ku America.

Miller sanabise kumene anatenga maganizo. Anavomera kuti anatsanzira Will Eisner, amene mu 1950 analemba za Sand Saref, bwenzi la paubwana la ngwazi yake lomwe linasanduka chigawenga. Thupi la Elektra analitengera kwa Lisa Lyon, mkazi wotchuka pa masewera onyamula zitsulo, n'chifukwa chake Elektra woyambirira ali ndi mapewa ndi minofu ya munthu womenyadi nkhondo. Dzinalo likuchokera m'nthano za Agiriki akale: Electra, mwana wa mfumu Agamemnon, amene bambo ake anaphedwa ndi mayi ake Clytemnestra, ndipo iye anakakamiza mlongo wake Orestes kulipsira. Sophocles ndi Euripides analemba masewero a nkhaniyi zaka zoposa 2,400 zapitazo. Koma taonani pamene pali kusiyana. Electra wa Agiriki ankamudziwa womuphera bambo, ndipo mkwiyo wake unali ndi kopita. Elektra wa Miller bambo ake anafa ndi chipolopolo cha wapolisi wamantha, pa ngozi imene chibwenzi chake chomwe chinaikapo dzanja pofuna kuthandiza. Palibe woti amulipsire. Mkwiyo wopanda mwini umenewu ndi umene anayamba kuugulitsa kwa aliyense wokhala ndi ndalama.

Apa ndi pamene pagona mphamvu ya nthanoyi. Matt nayenso bambo ake anaphedwa: Jack Murdock, katswiri wa nkhonya amene zigawenga zinamupha atakana kugonja dala pa mpikisano. Anthu awiri, bala limodzi. Matt analitenga n'kupita nalo ku malamulo ndi ku tchalitchi cha Katolika. Elektra anatsimikiza kuti dziko lilibe chilungamo choti munthu n'kuchitumikira. Matt akamuyang'ana amaona chimene iye akanakhala chikhulupiriro chake chikanasweka. Elektra si mdani wobwera ndi chida chachilendo, ndi yankho lina la funso limene Matt mwiniyo amalimbana nalo.

Zimene anachita pakatipo Miller anazifotokoza pambuyo pake. Elektra anakaphunzira kumenyana ku Japan, kenaka anayesa kulowa gulu la ankhondo oyera mtima lotsogozedwa ndi nkhalamba yosaona yotchedwa Stick, yemwenso anaphunzitsa Matt. Stick anamuthamangitsa, ati mtima wake wadzala ululu ndi chidani. Pofuna kuonetsa kuti nkhalambayo yalakwa, Elektra analowa gulu la aninja oipa lotchedwa The Hand n'cholinga choliphwasula ali mkati. Aninjawo anamutchera msampha: mayeso ake olowera anali kupha munthu, ndipo munthuyo anapezeka kuti ndi mphunzitsi wake wakale. Anamupha. Kuyambira pamenepo sanalinso kazitape wonamizira, anali mmodzi wa iwo, mpaka pamene anawathawa n'kuyamba ganyu ya yekha. Chida chake ndi sai, chitsulo cha nsonga yaitali pakati ndi tinyanga tiwiri m'mbali, chochokera ku Okinawa, komwe kwenikweni chimakhala chosanola ndipo ntchito yake ndi kutchinga ndi kukola chida cha mdani. Aninja a Miller anatchuka kwambiri moti mu 1984 Kevin Eastman ndi Peter Laird anawasandutsa nthabwala popanga komiki ya akamba omenya nkhondo, Teenage Mutant Ninja Turtles: The Hand inasanduka The Foot, Stick anasanduka Splinter, ndipo kamba mmodzi, Raphael, anapatsidwa sai.

Chimene ndimamulemekezera Miller wa nthawi imeneyo n'chakuti sanamunyengerere Elektra. Wilson Fisk, mkulu wa zigawenga za New York wodziwika kuti Kingpin, atamulemba ntchito, Elektra anaigwiradi. Mu kope 179 mtolankhani Ben Urich akufufuza wandale wina woyimira umeya yemwe ali m'thumba mwa Fisk. Wakhala m'nyumba yoonetsera mafilimu ndi munthu womutsina khutu, ndipo Elektra akubaya munthuyo kuchokera kumpando wakumbuyo, n'kumuchenjeza Urich kuti atseke pakamwa. Urich sanamvere, ndipo kumapeto kwa kopelo sai inamupeza iyenso. Anapulumuka, koma Elektra sanamuponyere chidacho mosewera. Urich ndi munthu wabwino, wa banja lake, bwenzi la Matt. Owerenga anaona ndi maso awo kuti mkazi amene ankamumvera chisoni uja atha kubaya munthu wosalakwa chifukwa walipidwa.

Ntchito yotsatira inali kupha Foggy Nelson, mnzake wa Matt pa ofesi ya maloya. Elektra anadzisandutsa dalaivala wa takisi, n'kupita naye kumalo kopanda anthu. Foggy anamuyang'anitsitsa n'kumukumbukira kuti ndi mtsikana wa Matt uja wa ku yunivesite. Elektra anamuuza atsike azipita. Ndi kamphindi kochepa, ka mawu ochepa, ndipo ndi chifundo chokhacho chimene tikumuona akuchitira munthu amene watumidwa kukamupha. Foggy atangochoka, Bullseye anatulukira. Iye anali atathawa kundende atamva kuti ntchito yake kwa Fisk yatengedwa ndi mkazi. Anamucheka pakhosi ndi khadi la njuga, n'kumumaliza ndi sai yake yomwe. Nsalu yosabooka ija inali njira yozembera malamulo a Comics Code, bungwe limene makampani anakhazikitsa mu 1954 kuti liziletsa nkhanza zoonekera kwambiri m'makomiki. Chodabwitsa n'chakuti chithunzicho chimapweteka kuposa chikanakhala cha magazi.

Imfa imeneyi anthu amatsutsana nayo. Mu 1999 Gail Simone, yemwe pambuyo pake anadzakhala mlembi wotchuka wa makomiki, anasonkhanitsa mndandanda wa akazi a m'makomiki amene anaphedwa, kulemazidwa kapena kugwiriridwa pongofuna kuti ngwazi yaimuna ipeze chifukwa chokwiyira. Ambiri amaika Elektra m'gulu limeneli, ndipo ali ndi mfundo. Kope lonse la 181 likusimbidwa ndi mawu a Bullseye. Za mumtima mwa Elektra pa tsiku lake lomaliza sitizimva. Makope otsatira ndi a chisoni cha Matt, amene mu 182 akufika pofukula manda chifukwa chokana kukhulupirira. Komabe ine sindivomereza zonse. Bullseye sanamuphe pofuna kulasa mtima wa Matt, anamupha polimbirana ntchito, ntchito imene Elektra anaisankha yekha akudziwa mtundu wa anthu amene amaigwira. Anafa imfa ya ntchito yake. Akazi ambiri a pa mndandanda uja sanapatsidwe ngakhale zimenezo.

Miller mwiniyo ndiye anatsegula khomo limene pambuyo pake anadandaula nalo. Mu kope 190, la Januwale 1983, a The Hand akuba mtembo wa Elektra kuti auukitse ukhale kapolo wawo. Matt akuyesa kumupatsa mphamvu ya moyo wake. Akulephera kumudzutsa, koma chikondi chakecho chikumuyeretsa, ndipo Stone, wophunzira wa Stick, akumaliza ntchitoyo. Tsamba lomaliza likuonetsa Elektra atavala zoyera, atakwera phiri la chipale limene kale linamukanika. Matt sakudziwa kuti ali moyo. Kwa Miller amenewa anali mathero: mkaziyo wamasuka, wachoka m'nthano. Kope lotsatira Miller anatsanzika.

Buku limene linaphwanya zonse

Komiki yoyamba ya dzina la Elektra yokhala ndi nkhani yatsopano inatuluka mu 1986 ndi 1987: Elektra: Assassin, makope asanu ndi atatu, wolemba Miller, wojambula Bill Sienkiewicz. Inatuluka pansi pa Epic, nthambi ya Marvel ya owerenga akuluakulu yomwe sinkadutsa ku Comics Code. Ngati munthu angawerenge buku limodzi lokha la Elektra, likhale limeneli, ngakhale kuti ndi lovuta ndipo kope loyamba limagwetsa ulesi anthu ambiri.

Likuyamba Elektra ali m'chipatala cha odwala misala m'dziko lopeka la ku South America, mankhwala atamusokoneza mutu, akutolera zidutswa za moyo wake. Sienkiewicz sanajambule ndi pensulo ndi inki monga mwa chizolowezi. Anagwiritsa ntchito utoto wamadzi, mapepala odula n'kumata, zithunzi za fotokope, ndipo kajambulidwe kamasintha malinga ndi mutu wa amene tikuonera m'maso mwake. Elektra akamakumbukira ubwana wake, zithunzi zimakhala zokhotakhota ngati wajambula mwana: mayi ake akuwomberedwa ali ndi pakati, iye akubadwa mayiwo akutsirizika. Akukumbukiranso bambo ake akumuchita zosayenera, koma iye mwini akukayika ngati zinachitikadi kapena ndi mutu wake wazipanga. Bukulo silikuthetsa chikayikocho. Owerenga akuyenda pa nthaka yosadalirika kuyambira tsamba loyamba.

Chimene Elektra watulukira n'chakuti chilombo chimene a The Hand amachipembedza, The Beast, chalowa mwa Ken Wind, wandale wachinyamata woyimira upulezidenti wa America, ndipo cholinga chake ndi kuyambitsa nkhondo ya mabomba a nyukiliya. Nkhope ya Wind sinajambulidwe ndi dzanja: ndi chithunzi cha fotokope chomwetulira, chofanana ndi andale a banja la Kennedy, chomatidwa pa thupi lake tsamba ndi tsamba osasintha. Pulezidenti amene ali pampando ndi kankhalamba konyentchera kokumbatira kabokosi ka batani la mabomba. Iyi inali nthawi ya Ronald Reagan, America ndi Soviet Union zitalozana mizinga, ndipo Miller sanasiye chipani chilichonse osachinyoza.

Pali chinthu chimene Miller anachita apa chomwe chimaonetsa kuti vuto la Elektra ankalidziwa. Litadutsa kope loyamba, mawu ambiri osimba nkhani si a Elektra. Ndi a John Garrett, kazitape wa bungwe la boma la S.H.I.E.L.D., chidakwa, wachiwerewere, wakhalidwe lonyansa, amene Elektra anamuphulitsa ndipo mabwana ake anamumanganso ndi zitsulo. Elektra akulowa m'mutu mwake n'kumamuyendetsa. Garrett amalongolola osapuma. Elektra ali phee, akungochita. Tikumuona kudzera m'maso mwa mwamuna womuopa ndi kumusirira nthawi imodzi, ndipo bukulo likuseka chilakolako cha mwamunayo, osati kuchidyetsa. Ena amati apa Elektra walandidwa buku lake lomwe. Ine ndimati Miller anazindikira kuti munthu wotereyu ukamufotokoza kwambiri amasungunuka; mantha amene amabweretsa amachokera pa kusadziwa chimene akuganiza. Pamapeto Elektra akusamutsa maganizo a Garrett kuwaika m'thupi la Wind, ndipo chidakwa chija chikukhala pulezidenti wa America. Dziko lapulumuka, koma wolipulumutsa wasiya mitembo njira yonse, ndipo palibe pamene bukulo likunena kuti iye ndi munthu wabwino. Akuti Miller ankati akaona masamba a Sienkiewicz amalembanso mawu ake kuti agwirizane ndi zithunzizo, ndipo zimaoneka: mawu ndi utoto zimachita kukankhana.

Mu 1990 Miller anatulutsa Elektra Lives Again, mitundu yake atapaka Lynn Varley, buku la maloto oipa a Matt momwe Elektra akubwera kudzafanso kuti Matt amuleke apite. Linapata mphoto ya makomiki ya Eisner. Kunali kutseka chitseko kachiwiri.

Kampani inachitsegula mu 1993. Mlembi D.G. Chichester ndi wojambula Scott McDaniel, pansi pa mkonzi Ralph Macchio, anabweza Elektra m'nkhani yotchedwa Fall from Grace, m'makope 319 mpaka 325 a Daredevil. Miller anakwiya, nati Marvel inamulonjeza kuti siidzamugwiritsanso ntchito, koma lonjezo la pakamwa silikanaposa umwini wa kampani. Chondichititsa chidwi ndi njira imene anamubwezera. Elektra wa zoyera uja, woyeretsedwa, sakanagulitsa makomiki. Choncho nkhaniyo ikuti gulu lina la The Hand linatenga mbali yake yoipa imene inatsalira m'mutu mwa Garrett, n'kuiika mu mtembo kupanga mkazi wakupha wotchedwa Erynys. Erynys ataphedwa, choipa chija chinabwerera mwa mwini wake. Kunena mosapsatira, anachita kumuthiranso dala uve umene Miller anamuchotsa, kuti abwerere ku zovala zofiira.

Kuyambira pamenepo alembi akhala akuzungulira funso lija. Komiki ya mwezi ndi mwezi yoyamba inayamba mu 1996, wolemba Peter Milligan, wojambula Mike Deodato Jr., ndipo inatha ndi makope 19. Inali nyengo imene msika unadzala ndi akazi ankhondo ovala tinsalu, a m'chiuno mopyapyala mosatheka, ndipo Elektra anajambulidwa momwemo. Mapewa a Lisa Lyon aja anasowa. Anamupatsa mtsikana wamasiye, Nina McCabe, woti azimulera, ndi mtima wofuna kulapa. Imeneyi ndi njira yapafupi yomufewetsera wakupha: muike mwana m'manja. Ina ndi kumupatsa adani oipitsitsa, aninja opanda nkhope amene akafa amasanduka utsi, kuti pasakhale wolira maliro. Inanso ndi kumulembetsa ntchito ku boma, monga anachitira Brian Michael Bendis poyambitsa komiki ya 2001, momwe a S.H.I.E.L.D. akumutuma ku Iraq. Njira zonsezi zimachotsa chinthu chimodzi chomwe chinapangitsa kope 179 kuluma: wophedwa wokhala ndi dzina ndi abale.

Amene anakana kuzemba ndi Greg Rucka, yemwe analowa m'malo mwa Bendis mu 2002. M'nkhani yake ganyu zonse zikuuma mwadzidzidzi. Palibe womuimbira. Ndipo tikuona chinthu chochititsa manyazi: Elektra wopanda womupha akunjenjemera, akusowa tulo, akuyendayenda kufuna ndewu, monga munthu wosowa mankhwala amene anamulowerera. Ndalama sinali nkhani. Kuphako ndiko ankakufuna. Amene watseka mipopeyo ndi Jeremy Locke, munthu wachuma yemwe wokondedwa wake anaphedwa ndi Elektra. Locke akumugwira, koma m'malo momupha akumukhazika pansi n'kumuonetsa anthu amene anawapha, mmodzimmodzi, ndi amene anatsala akulira. Elektra akusweka. Akuyesa moyo wina pansi pa mphunzitsi wamkazi wotchedwa Drake, amene akumugwiritsa ntchito zotumikira anthu osauka. Kwa ine awa ndi makope olimba mtima kwambiri a Elektra chichokereni Miller, chifukwa akufunsa ngati munthu wotere angasinthe, ndipo sakufulumira kuyankha kuti inde. Koma komiki ya wakupha amene wasiya kupha ilibe kolowera pa msika. Pamapeto pa gawo la Rucka Elektra akubwerera ku ntchito yake, mlembi wina akutenga, ndipo komikiyo ikutha mu 2004 ndi makope 35. Mpaka lero imeneyi ndiyo yaitali kwambiri ya dzina lake.

Manambala akunena zambiri. Makope 19, kenaka 35, kenaka 11 mu 2014 ndi 2015, kenaka asanu okha mu 2017. Komiki yoyamba ya Daredevil inafika makope 380. Wina atha kunena kuti owerenga safuna ngwazi yakupha, koma Punisher, msilikali wakale wowombera zigawenga mopanda chisoni, anali ndi makomiki atatu pa mwezi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Kusiyana kwake n'kwakuti Punisher ali ndi chifukwa chimene wowerenga angabisalemo: banja lake linaphedwa, ndipo amapha oipa okhaokha. Elektra alibe pobisalira potero. Ukamupatsa, wasanduka Punisher wamkazi. Ukapanda kumupatsa, wowerenga amakhala ndi mtima wolemera mwezi uliwonse. Ndikhulupiriranso kuti msika umene ogula ake ambiri kwa zaka zambiri anali amuna unkalola msanga mwamuna wozizira mtima kuposa mkazi wotero, ndipo n'chifukwa chake akonzi ankathamangira kumupatsa mwana kapena chibwenzi.

Zaka za pakatizi Marvel inkamugwiritsa ntchito ngati chida cha nkhani za ena. Anaphedwa n'kuukitsidwa m'komiki ya Wolverine, ngwazi ina ya Marvel, mu 2004 ndi 2005. Mu 2007 Elektra amene ankatsogolera The Hand anabayidwa, mtembo n'kusanduka wobiriwira: sanali iye, chinali cholengedwa cha kudziko lina cha mtundu wa Skrull chomwe chinatenga maonekedwe ake, ndipo apa ndi pamene panayambira nkhani yaikulu ya Secret Invasion. Komiki ya 2014 ya W. Haden Blackman ndi Mike del Mundo ndi yokongola zedi, yoyamba ndi Elektra akudziona ngati wovina, nsalu zake zofiira zikusanduka mitsinje ya magazi, koma ngakhale m'menemo ganyu yake ndi yokagwira munthu wamoyo, ndipo omusaka ndi akupha anzake. Pa kanema, Jennifer Garner anamusewera mu 2003 ndi 2005, ndipo filimu ya 2005, imene inamupatsanso mtsikana woti amuteteze, sinayende bwino. Élodie Yung anamusewera pa Netflix mu 2016 ndi 2017.

Yankho latsopano linabwera ndi Chip Zdarsky ndi wojambula Marco Checchetto. M'komiki yawo ya Daredevil yoyamba mu 2019, Matt akupha mwangozi mbava ina pomenyana, ndipo pambuyo pa kulimbana ndi chikumbumtima akuvomera mlandu n'kulowa m'ndende. Mu kope 25, la Disembala 2020, Elektra akuvala chigoba cha nyanga ziwiri n'kuyamba kulondera Hell's Kitchen m'malo mwake. Chanzeru apa n'chakuti sakuchita izi chifukwa walapa. Akufuna thandizo la Matt kuti akathetse The Hand, Matt sakumukhulupirira, ndiye akusankha kumuonetsa kuti atha kusunga dera lake motsatira lamulo lake losapha. Kusaphako kukuyamba ngati machenjera. Wowerenga akuona munthu amene manja ake anazolowera kumaliza ndewu m'kamphindi akudzigwira, akupsa mtima ndi kuchedwa kwa njira imeneyi, ndipo pang'onopang'ono akuyamba kusamala za anthu a m'deralo mosayembekezera. Kwa nthawi yoyamba mlembi anapeza injini yotha kuyenda mwezi ndi mwezi popanda kunama za chimene Elektra ali, chifukwa ndewu iliyonse ili ndi funso lakuti kodi lero adzigwira. Zinapitirira mu Daredevil: Woman Without Fear ya 2022, awiriwa anakwatirana chaka chomwecho, ndipo kenaka Erica Schultz anatenga cholembera cha nkhani za Elektra ali Daredevil.

Ndimaikonda nyengo imeneyi, koma pali ziwiri zimene zimandikhala pakhosi. Choyamba, kuti apeze komiki yoyenda bwino anachita kubwereka dzina ndi chovala cha mwamuna. Pachikuto palembedwa Daredevil, osati Elektra. Ndipo mwana wamasiye uja wabweranso, ulendo uno dzina lake Alice. Chachiwiri n'cholemera kuposa apo. M'nthano yomweyo Matt ali m'ndende chifukwa cha munthu mmodzi amene anamupha asakufuna, ndipo makope ambiri akutha pa kulemera kwa imfa imodziyo: mbale wa malemuyo, khoti, chilango. Elektra, amene anapha anthu osawerengeka mwadala ndiponso molipidwa, ali panja, akutamandidwa ndi anthu a m'dera. Nthanoyo simutengera kukhoti, ndipo simukhazikanso pamaso pa amasiye ngati mmene Rucka anachitira mu 2002. Ben Urich akadali mtolankhani mu New York yemweyo, ndi chipsera cha sai ya mkazi amene tsopano akulondera misewu yake.